Mkombero, Pulasitiki ndi Mphepo: Mbiri ya Chimbale cha Gofu

Pa 28 Malichi 2016, m'chipululu cha pafupi ndi Primm m'chigawo cha Nevada ku America, mnyamata wina dzina lake David Wiggins Jr. anaponya chimbale cha pulasitiki cholemera magalamu 154, ndipo chinakagwa pa mtunda wa mamita 338. Tsiku limenelo kunali chimphepo chomwe chinamuthandiza kwambiri, komabe mtunda umenewu ndi wodabwitsa poti panalibe injini, uta kapena legeni. Linali dzanja la munthu basi. Chimbalecho chinali cha mtundu wa Boss, chopangidwa ndi kampani ya Innova, ndipo kuti chinthu chotere chipezeke panapita zaka pafupifupi 80 anthu akusema mkombero wake ndi kusinthasintha pulasitiki wochiumbira.

Masewera ake amatchedwa disc golf, gofu wa chimbale. Kuno kwathu, kaya ndi ku Fingoé, ku Tete, ku Chipata kapena ku Lilongwe, ndi anthu ochepa amene anawaonapo. Malamulo ake savuta. Wosewera amaima poyambira n'kuponya chimbale kulunjika ku dengu lachitsulo lokhazikidwa pa mzati, lomwe pamwamba pake pamalendewera maunyolo. Pamene chagwera ndi pomwe amaponyeranso, mpaka chitalowa m'dengumo. Bwalo limakhala ndi madengu 9 kapena 18, ndipo amene wamaliza onse ataponya kochepa ndiye wapambana. Wosewera wozolowera amanyamula zimbale zingapo m'chikwama. Putter ndi ya pafupi ndi dengu, midrange ndi ya mtunda wapakatikati, ndipo driver ndi yoyambira nayo dengu likakhala kutali. Driver ndi imene yasintha kwambiri pa zonsezi, ndipo ndi imenenso imasokoneza anthu ongoyamba kumene.

Chiyambi chake chili m'ziwiya za kukhitchini. Mu 1926, ana a sukulu a ku Bladworth m'chigawo cha Saskatchewan ku Canada ankaponya zivundikiro za zitini kulunjika ku mitengo ndi mizati ya mpanda, n'kumawerenga kuti wafika ndani ataponya kochepa. Ku Bridgeport m'chigawo cha Connecticut kunali fakitale yophika zakudya yotchedwa Frisbie Pie Company, yomwe inayamba mu 1871, ndipo ophunzira a m'makoleji a kumeneko ankaponyerana mbale zake zamalata akamaliza kudya. Ku California, mu 1937, Walter Frederick Morrison ndi bwenzi lake Lucile ankaponyerana chivundikiro cha chitini cha mbuliwuli, kenako anayamba kugwiritsa ntchito mbale zophikira keke. Munthu wina kugombe la nyanja atawapatsa masenti 25 kuti amugulitse mbale yomwe iwo anagula masenti 5, Morrison anaona kuti apa pali malonda. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inamuimitsa kaye. Anali woyendetsa ndege yankhondo, ndipo anabwerako akudziwa mmene mpweya umanyamulira phiko. Mu 1948 iye ndi Warren Franscioni anatulutsa chimbale cha pulasitiki chotchedwa Flyin-Saucer, mu 1955 Morrison anapanga Pluto Platter, ndipo mu Januwale 1957 anagulitsa umwini wake ku kampani ya zidole ya Wham-O, yomwe inachitcha Frisbee chaka chomwecho.

Ku Wham-O kunkagwira ntchito Ed Headrick, amene anzake ankamutcha Steady Ed. Iye anaika timizere tozungulira pamwamba pa chimbale kuti chisamagwedezeke pouluka, ndipo chiphaso cha umwini wa luso limeneli chinatuluka mu 1967. Mu 1975 anakonza bwalo loyamba lokhazikika ku Oak Grove Park, pafupi ndi Pasadena, pomwe anthu ankangomenya mizati. Mizatiyo inkabweretsa mikangano, wina akuti chakhudza, wina akuti sichinakhudze. Ndiye Headrick ndi mwana wake Ken anapanga dengu lamaunyolo, lomwe limagwira chimbale n'kuchigwetsera m'kati aliyense akuona. Mu 1976 anayambitsa kampani ya Disc Golf Association komanso bungwe la osewera la PDGA, ndipo nambala 001 ya umembala ndi yake.

Vuto linatsala m'chimbale chenichenicho. Frisbee anaipanga kuti mnzako aiwakhe. Mkombero wake ndi wobuntha ndi wakuya kuti usapweteke zala, ndipo ndi yopepuka moti kamphepo pang'ono kamaitembenuza. Munthu wofuna kudutsa mamita 100 pakati pa mitengo safuna chinthu choyandama pang'onopang'ono chotero. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 kunabwera zimbale zowala usiku zotchedwa Midnight Flyer, ndipo osewera anapeza kuti mankhwala owalitsawo ankazilemeretsa, motero zinkalimbana bwino ndi mphepo. Apa anthu anaona bwinobwino kuti chimene wasakaniza mu pulasitiki chimasintha kauluke ka chimbale.

Kusintha kwakukulu kunadza mu 1983. Dave Dunipace, wosewera wa ku California, anaumba chimbale chokhala ndi mkombero wosongoka, wosemedwa mopendeka kunsi kwake, woti uzing'amba mpweya m'malo mougunda. Pamodzi ndi Harold Duvall, Charlie Duvall ndi Tim Selinske anayambitsa kampani ya Innova, ndipo chimbale chawo choyamba anachitcha Eagle. Kuyambira pamenepo chimbale cha gofu chinasiyana njira ndi Frisbee. Chinachepa m'mimba mwake, chinalemera, chinaphwatalala, ndipo palibenso amene ankafuna kuchiwakha ndi manja. Ma driver onse amene alipo lero, a kampani iliyonse, ndi zidzukulu za mkombero wa Dunipace.

Kuti timvetse chimene mkomberowo umachita, tikumbukire nguli. Nguli ikamazungulira mwamphamvu imaima chilili, ndipo ukaikankha sigwera kumene waikankhirako, imapendekera cham'mbali. Chimbale chouluka chimatsata lamulo lomweli. Munthu wa dzanja lamanja akaponya mokoka kuchokera pachifuwa, kumbuyo kwa dzanja kuli kutsogolo, chimbale chimazungulira motsata mivi ya wotchi tikachiyang'ana kuchokera pamwamba. Chikangochoka m'dzanja chimakhala pa liwiro lalikulu ndipo chimayenda chathyathyathya. Pa nthawi imeneyi mpweya umachinyamula kwambiri chakumbuyo kwa pakati pake. Chifukwa cha kuzungulirako, mphamvu yokankha kumbuyoyo imakaonekera kumanzere, mbali ya kumanzere imakwera, ndipo chimbale chimakhotera kumanja. Liwiro likayamba kutha, chimayamba kutsika, mpweya umachimenya kunsi chakutsogolo, mbali ya kumanja ndi imene imakwera, ndipo chimabwerera kumanzere n'kukagwa. N'chifukwa chake driver yoponyedwa bwino imalemba chilembo cha S m'mlengalenga. Woponya ndi dzanja lamanzere, kapena woponya cham'mbali chikhatho chili kutsogolo, amaona zonsezi motembenuka.

Innova ndi imene inayambitsa manambala anayi omwe lero makampani ambiri amadinda pa chimbale. Yoyamba, speed, imachokera pa 1 kufika pa 14 kapena kupitirirako pang'ono, ndipo imayendera limodzi ndi kukula kwa mkombero. Yachiwiri, glide, kuyambira 1 mpaka 7, imanena mmene chimbale chimakhalitsira m'mwamba. Yachitatu, turn, kuyambira +1 mpaka -5, ndi kukhotera kumanja kwa pa liwiro lalikulu kuja. Yachinayi, fade, kuyambira 0 mpaka 5, ndi kubwerera kumanzere kwa kumapeto. Teebird imalembedwa 7, 5, 0, 2, ndipo imayenda molunjika n'kumaliza modekha. Firebird ndi 9, 3, 0, 4, yosamva mphepo, yogwera kumanzere mwaukali. Valkyrie ndi 9, 4, -2, 2, Leopard ndi 6, 5, -2, 1, ndipo Destroyer ndi 12, 5, -1, 3. Chimbale chokana kukhotera kumanja osewera amati ndi overstable, chololera msanga amati ndi understable.

Nambala yoyamba ija ndi imene imapusitsa anthu. Woyamba kumene akaona 12 kapena 13 amaganiza kuti chimbalecho chimupatsa liwiro, pamene nambalayo ikunena liwiro limene chimbalecho chikufuna kwa iye. Destroyer ikachoka m'dzanja losazolowera sifika pa liwiro loti ikhotere kumanja. Imangoyamba ulendo ili kale m'gawo lomaliza, n'kupendekera kumanzere, n'kugwa pafupi. Munthu yemweyo akanatenga Leopard yopepuka, kapena midrange ngati Buzzz ya kampani ya Discraft, akanaponya patali ndiponso molunjika. Ndipo manambalawa sayezedwa ndi bungwe lililonse loima palokha. Kampani iliyonse imadzilembera yokha, moti 9 wa kampani ina sangafanane ndendende ndi 9 wa inzake.

Mbiri ya zaka 25 zotsatira Eagle ndi ya mkombero womwe unkangokulirakulira. Mkombero waukulu umaika kulemera kwambiri m'mphepete, motero chimbale chimasunga kuzungulira kwake nthawi yaitali, ndipo umalola kuti chikhale chopyapyala kutsogolo. Discraft, yomwe Jim Kenner anaiyambitsa mu 1978 ndipo ili ku Michigan, inatulutsa Cyclone mu 1993, kenako XL, yomwe Scott Stokely anaponya mamita 211 mu 1998. Innova inayankha ndi Teebird mu 1999, ya mkombero wa masentimita 1.7, ndi Valkyrie ya masentimita 1.9. Mu 2002 Christian Sandström wa ku Sweden anaponya Valkyrie mamita 250, ndipo panatha zaka 10 wina asanamupitirire. Wraith inabwera mu 2005, Destroyer mu 2007, ndipo Boss mu 2008 inakhala yoyamba kupatsidwa speed 13. PDGA inaika malire. Mkombero usapitirire masentimita 2.6, chimbale chisachepere masentimita 21 m'mimba mwake, ndipo kulemera kusapitirire magalamu 8.3 pa sentimita iliyonse ya m'mimbamo, kapena magalamu 200 pa chimbale chilichonse. Apa ndi pamene pachokera nambala ya 175 imene imapezeka pa ma driver ambiri, chifukwa chimbale cha masentimita 21.1 sichiloledwa kupitirira pamenepo. Palinso muyeso wa kuthwa kwa mkombero ndi wa kuuma kwa chimbale. Malamulowa ndi oyenera, chifukwa mabwalo ambiri ali m'mapaki momwe mumayendanso ana ndi okalamba, ndipo driver ikamenya munthu kumutu imavulaza.

Mkombero utafika pa malire, mpikisano unasamukira ku pulasitiki, ndipo kwa ine gawo limeneli ndi limene lili ndi nkhani yokoma koposa. Chimbale chimaumbidwa pothira pulasitiki wosungunuka mwamphamvu m'chikombole chachitsulo cha mbali ziwiri. Akachitulutsa chimazizira n'kukhwinyata pang'ono, ndipo mtundu uliwonse wa pulasitiki umakhwinyata mwanjira yake. Pomwe mbali ziwiri za chikombole zimakumana pamatsala kamzere kozungulira mkombero. Kamzereka kakakhala m'mwamba, chimbale chimakana kukhotera kumanja. Kakatsika, chimalolera. Pamwamba pakhoza kutukuka kapena kuphwatalala, ndipo kutukukako kumawonjezera kuyandama. Motero zimbale ziwiri za dzina limodzi, zochokera m'chikombole chimodzi, zokhala ndi manambala ofanana, zikhoza kuuluka mosiyana. Ngakhale pulasitiki akhale yemweyo, gulu lopangidwa chaka chino likhoza kusiyana ndi la chaka chatha, ndipo osewera otchuka amasakasaka magulu amene anawakonda.

Pulasitiki wakale, wotsika mtengo, Innova imamutcha DX ndipo Discraft inkamutcha Pro-D. Amagwirika bwino m'dzanja ngakhale kukugwa mvula, koma sachedwa kukalika. Chimbale cha DX chikagunda mtengo pa liwiro, mkombero umabenthuka kapena kupindikira pansi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 kunabwera mapulasitiki olimba a mtundu wa polyurethane. Innova inatulutsa Champion Edition, yomwe inadzakhala Champion, yooneka mbee ngati galasi, yoterera pang'ono, yopirira miyala ndi mitengo kwa zaka. Discraft inali ndi Z. Cha m'ma 2006 kunadza Star ndi ESP, zolimba pafupifupi mofanana koma zogwirika bwino. Kenako GStar, yofewa, yosauma m'nyengo yozizira. Ku Skellefteå, kumpoto kwa Sweden, kampani ya Latitude 64 inatulutsa Opto ndi Gold Line, ndipo MVP ya ku Michigan inayamba kuumba zimbale za mapulasitiki awiri, wopepuka pakati ndi wolemera mumkombero. Zosakaniza zenizeni makampani amazibisa. Chimene osewera amachidziwa ndi manja awo n'chakuti chikombole chomwecho chikathiridwa Champion, chimbale chimakonda kutuluka chokana kukhota kuposa chikathiridwa DX.

Kutha kwa chimbale sikutanthauza kuti chatayika. Chimbale chilichonse chikamakalika, chimanka chilolera kukhotera kumanja, ndipo kugwera kwake kumanzere kumachepa. DX imafika pamenepa m'miyezi yochepa, Champion imatenga zaka. Osewera akale, a m'badwo wa Ken Climo amene anapambana mpikisano wa dziko lonse ka 12 pakati pa 1990 ndi 2006, ankanyamula zimbale zingapo za mtundu umodzi, makamaka Roc, china chatsopano cholimbana ndi mphepo, china chapakati choyenda molunjika, china chokalamba chokhotera kumanja. Dzanja linkazolowera mkombero umodzi, ndipo ukalamba wa pulasitiki ndi umene unkapereka njira zosiyanasiyana. Nzeru imeneyi ndimaiona kuti ndi yakuya kuposa kugula chimbale chatsopano pa vuto lililonse, ndipo ndi ya munthu wa ndalama zochepa. Tionenso kuti Valkyrie ya mamita 250 ija inali ya DX, ndipo Boss ya mamita 338 inali yopepuka, ya pulasitiki wotchedwa R-Pro. Mitunda iwiri yaitaliyi sinabwere ndi pulasitiki wodula kwambiri.

Mu 2012 Innova inatulutsa Blizzard, pulasitiki wa Champion wokhala ndi timathovu ta mpweya m'kati, kuti driver ya mkombero waukulu ipepuke popanda kusintha maonekedwe. Chaka chomwecho Wiggins anaponya Boss ya Blizzard mamita 255, ndipo mu 2014 Simon Lizotte wa ku Germany anafika mamita 263. Zimbale zopepukitsitsa za mtunduwu zimayandama pamadzi, pamene zambiri zimamira. Headrick sanaone zimenezi. Anamwalira mu Ogasiti 2002, ndipo monga anapemphera yekha, phulusa la mtembo wake linasakanizidwa mu pulasitiki n'kuumbidwa zimbale, zomwe ndalama zake zinathandiza nyumba yosungira mbiri ya masewerawa ku Appling m'chigawo cha Georgia. Kwa ife amene timalemekeza manda, nkhani imeneyi imadzidzimutsa, koma ikusonyeza mmene munthuyo anaperekera moyo wake ku chinthu chimene anachiyambitsa.

Lero masewerawa ali ndi ndalama. Mu 2021 Paul McBeth anasaina mgwirizano wa zaka 10 ndi Discraft wa madola 10 miliyoni. Finland, dziko la anthu osakwana 6 miliyoni, lili ndi mabwalo mazanamazana, ndipo Kristin Tattar wa ku Estonia anapambana mpikisano wa amayi wa dziko lonse mu 2022 ndi 2023. Ku Africa kuno afika mochedwa. Ku South Africa kuli mabwalo, ku Macha m'chigawo cha kummwera kwa Zambia kuli bwalo, ndipo bungwe la Paul McBeth Foundation lathandiza kuika madengu ku Uganda.

Masewerawa akadzafika ku Maravia, boma limene kuli Fingoé, dziko lenilenilo lidzakhala ndi mawu pa kauluke ka zimbalezi. Boma limeneli limayambira m'mphepete mwa nyanja ya Cahora Bassa, kotsika ndi kotentha, n'kukwera mapiri mpaka kumalire ndi Zambia. Kumtunda mpweya umapepuka, ndipo mpweya wopepuka sukankha chimbale mwamphamvu, motero driver yomwe imakhotera kumanja kunyanja ikhoza kuuma khosi kuphiri n'kugwera kumanzere msanga. Mwera wa m'miyezi ya Juni ndi Julayi ukawomba kuchokera kutsogolo, chimbale chimamva ngati chaponyedwa mwamphamvu kuposa mmene zilili, ndipo chololera chimatembenuzika n'kugudubuzika pansi. Pamenepo pamafunika Firebird kapena china cholemera. Mwera womwewo ukachokera kumbuyo, Leopard ndi Valkyrie ndi zimene zimapita patali. Dzuwa la Okutobala limafewetsa pulasitiki, ndipo chimbale chosiyidwa m'galimoto yotseka kapena chopanikizidwa pansi pa katundu chimapindika. Thukuta nalo limapangitsa Champion kuterera m'zala, pamene DX ndi Star zimagwirabe.

Pali chinthu chimodzi chimene chimandidetsa nkhawa. Zimbale zimene zimafika kumaiko athu nthawi zambiri zimakhala zoperekedwa ndi osewera a kunja, ndipo m'zikwama zawo mumachuluka ma driver a speed 12 ndi 13, olemera magalamu 175, omwe eni akewo anawalephera. Mwana wa zaka 12 akapatsidwa chimbale chotere, chala chake sichikwana n'komwe kuzinga mkombero. Adzaponya kasanu, kasanu konse chidzagwera kumanzere, ndipo adzaganiza kuti iyeyo ndiye wolephera. Mphunzitsi kapena mtsogoleri wa achinyamata amene angapatsidwe mwayi wosankha apemphe ma putter, ma midrange, ndi ma driver a speed 6 kapena 7 olemera magalamu 150 mpaka 165. Ku Japan anasewera zaka zambiri ndi lamulo loti zimbale zikhale za pafupi ndi magalamu 150, ndipo mpikisano wawo wa Japan Open unkakopa akatswiri a dziko lonse. Pa nkhani ya pulasitiki, nthaka ndi imene iyenera kulamula. Pa bwalo la sukulu la udzu ndi mchenga, DX ikwanira ndipo ndalama yomweyo igula zimbale zambiri. M'nkhalango ya miombo ndi m'miyala ya m'mapiri ozungulira Fingoé, driver ya DX idzabenthuka nyengo imodzi isanathe, ndiye kumeneko ma driver akhale a Star kapena Champion, ma putter okha ndiwo akhale a DX.